Jekete la Apongozi Pakhomo la Boma

Mzere unali utafika kale kumsewu pamene Rozina anawaona apongozi ake, bambo Gideoni, atavala jekete lachikopa dzuwa likuswa mtengo. Rozina ankadziwa bwino chomwe chinali m'kati mwa jeketelo.

Rozina anali mlonda pakhomo la maofesi a boma m'tauni ya Bindura. Ntchito yake inali kuyendetsa kachipangizo kofufuzira zitsulo pathupi la aliyense wolowa. Mpeni, chikwanje, mfuti, zonse zinkatsala kunja, ndipo mlonda wolowetsa chida ankachotsedwa ntchito tsiku lomwelo.

Nawo bambo Gideoni sankayenda ndi mfuti chifukwa cha matama ayi. Anali ndi kamgodi ka golide cha ku Mazowe, ndipo anyamata a zikwanje adawakhapa mkono mpaka fupa kuonekera. Chichokereni kuchipatala, mfutiyo ankapita nayo ngakhale kutchalitchi. Vuto linali loti Rozina ndi mwamuna wake Pardon ankakhala m'chipinda chakuseri kwa nyumba ya mkuluyu ku Chipadze. Ndipo pakhomo pawo mkazi wa mwana sayang'ana apongozi kumaso, sawakhudza, salankhula nawo ali chilili.

Mkuluyo atafika pamaso pake, Rozina anagwada pasimenti ndi yunifomu yake yomweyo.

"Takulandirani, bambo."

"Dzukani, amake Tafara, ndidutse. Ndikufuna kukonzetsa mapepala a mgodi."

"Bambo, chomwe chili m'jeketemo sichilowa muno."

"Mwandisecha?"

"Sindingakusecheni, bambo. Koma ndimachiona patebulo m'mawa uliwonse ndikamabweretsa tiyi."

Anthu apamzere anaseka. Ha, kumeneko ndiye kunali kuthira palafini pamoto! Bambo Gideoni anakwinya jekete mpaka m'chigongono n'kuonetsa chipsera chachitali ngati chingwe.

"Onani ichi, nonsenu! Boma lomweli ndi limene lidandipatsa chilolezo cha mfuti. Lero boma lomwelo likundiopa? Akubawo amadziwa kuti ife a migodi timabwera kuno. Amatidikirira pa siteji ya maminibasi. Ndiisiye kuti? Pansi pa mtengo?"

"Akunena zoona mdalayu," anatero bambo wina wa chipewa cha mumgodi. "Ali ndi pepala lake. Mlekeni alowe."

"Pepala limaletsa munthu kupsa mtima?" anayankha mayi wina wonenepa, dzina lake Shamiso, wogulitsa malalanje pageti. "M'katimo anthu amatukwanizana tsiku ndi tsiku chifukwa cholowererana pamzere. Ndiye aliyense akhale ndi yake m'thumba? Ife tidzathawira kuti ndi miyendo yathuyi?"

"Inu mayi, gulitsani malalanje!"

"Ndigulitsa kwa ndani mukawomberana?"

Mkangano unakula, wina uku wina uku. Rozina anali chigwadire, maso pansi, koma atatsekereza khomo lonse. Mawondo ankamuwotcha. Mantha anali nawo ndithu, koma mkwiyo unaposa mantha. Mkuluyu akanatha kudzera kupolisi kukasungitsa chida chakecho monga amachitira anzake. Anabwera dala pakhomo la Rozina podziwa kuti mpongozi sangawabweze.

"Bambo," anatero motsitsa mawu, "kupolisi si kutali. Kasungitseni kumeneko. Malo anu pamzere ndikusungirani."

"Mukundituma ine? Pamaso pa anthu?"

"Ndikukupemphani."

Bambo Gideoni anawerama n'kulankhula chapansipansi, koma aliyense anamva.

"Mumadya kwanga, mumagona kwanga. Mukandibweza pano, madzulo ano musaponde pakhomo panga."

Rozina anaganiza za kamwana kake Tafara, anaganizanso za Pardon yemwe chibadwire sanayankhepo bambo ake.

"Ndamva, bambo. Koma mfuti silowa."

Mkuluyo anatembenuka n'kumapita, osacheuka. Rozina anadzuka, n'kusasa fumbi m'mawondo, n'kuitana wotsatira.

Madzulo anapezadi sutikesi yake ndi beseni zili pakhonde. Pardon anaima pambali, manja m'thumba ngati mlendo.

"Ukangopepesa basi, Rozina. Ukudziwa mmene alili adadi. Ukanangowalola, ndani akanadziwa?"

"Ine ndikanadziwa. Ndipepese chiyani? Ndinagwada anthu onse akuona, ndinawapatsa ulemu wawo wonse. Ukufuna ndiwapatsenso ntchito yanga?"

"Nanga upita kuti?"

"Kwa Daisy, mnzanga wakuntchito, kuli malo. Ukafuna mkazi wako, njira ukuidziwa."

Anabereka Tafara, n'kusenza sutikesi. Misozi inatuluka atakhota pakona, osati pakhonde paja. Sakanalola kuti amuone akulira.

M'mawa mwake anali pakhomo lake lija, yunifomu yositidwa ndi simbi yobwereka. Dzuwa litakwera pang'ono, Shamiso anamukodola ndi chibwano.

"Taona uko, mwanawe."

Bambo Gideoni anali pamzere atavala malaya okha, opanda jekete. Mapepala a mgodi sakanadikira mkwiyo wa munthu. Atafika pakhomo anaima n'kuyang'ana pasimenti pomwe Rozina anagwada dzulo lake, kudikira.

Rozina sanagwade. Anawayang'ana m'maso koyamba chikwatiwire.

"Kwezani manja, bambo."

Mkuluyo anazengereza, kenaka anakweza manja pang'onopang'ono, chipsera chija chili poyera. Rozina anayendetsa kachipangizo kake kuyambira m'mapewa mpaka kumapazi, monga ankachitira ndi wina aliyense. Sikanalire.

"Lowani," anatero. "Wotsatira!"