Phukusi Lopita ku Bwengu

Mwamuna wapabanja akamadya mu lesitilanti masana, palibe amene amamuyang'ana kawiri. Ali pantchito, nanga akadyere kuti? Koma yemweyo akapezeka akudya zogula madzulo, kapena Loweruka, anthu amayamba kukodolana. Kunyumba kwavuta chiyani? Mayi sanaphike? A Peterson Luhanga ankazidziwa bwino zimenezi, chifukwa nawonso kale ankakodola anzawo akaona munthu wotero.

A Luhanga anali bwana ndithu ku Capital Hill, mkulu wa mpingo, komanso mwini nyumba ya mpanda wanjerwa ku Area 47. Chimene analibe ndi munthu wodya naye. Akazi awo, a Chitemwa, amene iwo ankawaitana kuti Nyaharawa monga achitira kwawo kumpoto, anapita ku Bwengu kukadwazika mayi awo. Mayiwo anamwalira, maliro anatha, mvula inagwa, anthu anakolola, a Chitemwa osabwera. A Luhanga atawaimbira foni kufunsa tsiku lobwerera, yankho linali lalifupi: "Ndatopa kuphikira munthu wokhuta."

Mlandu wake sunali wovuta kumva. Kwa zaka zambiri a Luhanga anali munthu wa mawekishopu: lero ku Salima, mawa ku Mponela, mkuja mu hotela ya ku City Centre kumene nyama munthu amachita kudzipakulira yekha. Akafika kunyumba ankangosuzumira mbale zovundikira patebulo n'kunena kuti, "Ndadya kale." Ana atakula n'kuchoka pakhomo, a Chitemwa ankadya okha, tsiku ndi tsiku, moyang'anizana ndi mpando wopanda munthu. Sanatukwanidwepo, sanamenyedwepo, ndiye a Luhanga ankaona ngati mkwiyowo uzizira wokha.

Kumpingo anthu akafunsa kuti, "Amayi ali bwanji kumudzi?" iwo ankayankha nkhope ili ngwee, "Ali bwino, akulongosola za pakhomo, abwera posachedwa." Nanga mkulu wa mpingo amene amakhazika pansi mabanja a anzake akayambana, angaime bwanji n'kunena kuti lake lamukanika? Anamuuza mtsikana wantchito kuti ayambe wapuma, chifukwa antchito a m'mipanda amauzana zonse pageti, ndipo nkhani ikafika pageti ndiye kuti yafika kutchalitchi.

Kuphika anayesako. Mpunga unkatuluka wopserera pansi, pamwamba uli gwa. Masana zinthu zinkayenda, pakuti ankadya ndi anzawo a muofesi kwa amayi ogulitsa chakudya pansi pa mitengo ku City Centre. Vuto linali dzuwa likapendeka. Tsiku lina anadzilimbitsa mtima n'kulowa mu lesitilanti ina kufupi ndi kwawo. Asanasambe n'komwe m'manja, anamva mawu kumbuyo: "Aa, a elda! Mayi sanabwerebe?" Anali a Lemson, dikoni wa kumpingo kwawo. A Luhanga anaseka kuseka kouma, nanena kuti akugulira mlonda. Chakudyacho anakadyera m'galimoto, mawindo atatseka, ngati munthu woba.

Nzeru inawabwerera tsiku lina atakaperekeza mlendo wa kuofesi kudepoti ya mabasi ku Old Town. Anaona kuti pali munthu mmodzi amene amadya paliponse, nthawi ina iliyonse, popanda womufunsa, ndiye wapaulendo. Basi, anafukula chikwama chakale cha maulendo, n'kuikamo thaulo ndi nyuzipepala kuti chioneke chotupa. Galimoto ankaisiya ku Area 4, n'kuwoloka mlatho wapansi pakati pa ogulitsa zovala ndi akabaza, chikwama chili paphewa. Bwana wathunthu, tayi atabisa m'thumba.

Mkati mwa sabata ankasinthasintha malo, koma Loweruka linali la kwa mayi Leticia, kuseri kwa depoti. Panali katani pakhomo, matebulo a nsalu zapulasitiki, ndowa yampopi yosambira m'manja, ndi wailesi yakanema yosaleka nyimbo zauzimu. Malo ake anali othina moti munthu ukamatema nsima chigongono chinkagunda mnzako. Kale a Luhanga akanaipidwa nazo. Tsopano n'zimene ankapitira. Munthu wosamudziwa ankawakankhira mchere, wina ankati, "Tiyeni tidye, achimwene," wina n'kuwafunsa ngati msewu wa ku Kasungu anaukonza. Kwa kanthawi kameneko ankaiwala kuti kunyumba kukuwadikira furiji yokha, kung'ung'udza mumdima.

Tsiku loyamba mayi Leticia anawafunsa, "Ulendo wakuti, bambo?"

Dzina limene linali pafupi ndi lilime ndi limene linatuluka. "Ku Bwengu. Banja lili kumeneko."

Kuyambira pamenepo anasanduka bambo a ku Bwengu. Akangosegula katani, mayiyo ankakuwira kukhitchini, "Bambo a ku Bwengu afika, chambo chija chamutu waukulu!" Ankauzanso makasitomala ena kuti, "Onani amuna okonda banja. Sabata iliyonse pamsewu, ena inu ngakhale foni simuimba." Mawuwo ankawabaya a Luhanga, komabe ankawakomera. Akatha kudya ankalowa m'depoti, kuzungulira pakati pa mabasi ngati akufuna yawo, n'kutulukira geti lina.

Loweruka lina m'nyengo yozizira, atangomaliza kudya n'kusamba m'manja, mayi Leticia anabwera atanyamula katoni yomanga bwino ndi chingwe. Anaiika patebulo, n'kupukuta manja pa chitenje.

"Bambo, ndili ndi pempho. Musandikanize chonde."

Anafotokoza kuti mwana wake Tamando anayamba Fomu Wani pasukulu ina yogonera konko, chakufupi ndi Bwengu. Chipitireni sanamuone, chifukwa lesitilanti siisiyika. "Chitumbuka sakumva, ndiye akuti kukuzizira koopsa. Akabwereka foni amangoti, ndili bwino amayi, ndili bwino. Koma ine ndine make, mawu aja ndimawamva. Muno muli nkhuku yachikuda yokazinga, chigumu, mtedza, ndi juzi."

"Mayi, mwina mukanapatsa kondakitala," anatero a Luhanga.

"Kondakitala ndikanatha kumupatsa kalekale. Koma kondakitala angandiuze kuti mwana wawonda? Inu ndinu kholo. Mukamuone ndi maso anu, mukamufunse ngati akudya. Sabata yamawa mudzandiuza zoona."

Anthu onse m'matebulo anali atasiya kutafuna. Bambo wina wachipewa anati, "Athandizeni mayiwa, achimwene, ndi panjira panu." A Luhanga anatsegula pakamwa, koma chimene akanayankhula chinali chachitali kwambiri, ndipo maso anali ambiri. Ananyamula katoniyo. Inali yofunda, ndipo fungo la nkhuku linkatulukira m'makona.

M'depoti oitanira anali pakalapakala. "Mzuzu, Karonga! Mzuzu, Karonga, yonyamuka!" Mmodzi anawagwira chikwama, iwo anamukaniza. Anaima pambali pa wogulitsa nthochi, katoni ili pachifuwa, mutu uli waa. Kupita nayo ku Area 47? Nkhuku ikaonongeka, mwana akhala akuyang'ana kugeti la sukulu tsiku lonse lamawa, pakuti mayi wake anali atamuuza kale kuti kukubwera mlendo. Kungoipatsa kondakitala n'kudzapeka nkhani yoti mwana ali bwino, wanenepa? Kunamiza anthu za iwo eni anali atazolowera, koma kunamiza mayi za mwana wake, ayi, mtima unakana.

Kukwera basiyo bwanji? Mpando unalipo. Anadziuza kuti mawa ali ndi zolengeza kutchalitchi, koma ankadziwa kuti si chimenecho. Ankaopa kufika m'mamawa pakhomo la kuchipongozi, n'kupatsidwa mpando panja ndi moni waulemu ngati mlendo wodutsa.

Anatsitsa katoni pansi, n'kutulutsa foni. Inaitana nthawi yaitali.

"Nyaharawa, ndine," anatero m'Chitumbuka.

"Ndakumvani, a Luhanga. Kwagwanji?"

Funsolo linawapweteka, chifukwa linali loona: iwo sankaimba popanda chogwa. Anafotokoza za katoni, za mwana, za sukulu. Anayankhula mwadongosolo ngati ali pamsonkhano. A Chitemwa anamvetsera osawadula.

"Sukuluyo ndikuidziwa," anatero. "Koma mayi ameneyu mwadziwana naye bwanji?"

"Ndimadya pamalo pake."

"Kudepoti?"

"Ee."

"Ndipo iye akuganiza kuti mumabwera kuno sabata iliyonse?"

"Ndi zimene ndinamuuza."

Pafonipo a Luhanga ankamva chapatali ana akukangana ndi kulira kwa mbale, pakhomo pa anthu amene akukonzekera kudya. Anadikira kuti akazi awo aseke. Akanaseka bwenzi zili bwinoko.

"Bwanji osadya kufupi ndi kunyumba?"

"Anthu angaone."

"Aone chiyani?"

A Chitemwa anapuma mozama, ndipo atayankhulanso mawu awo analibe mkwiyo, anali achisoni basi.

"A Luhanga, kodi mukubisira ndani? Amayi anzanga a kumpingo ndinawauza kalekale kuti sindibwerera. Mayi busa anandiimbira, tinalira limodzi pafoni. Akazi a Lemson akudziwa. Ana akudziwa."

"Koma Lamulungu lililonse amandifunsa za inu."

"Akudikira kuti munene nokha. Ndinu mkulu, angakuyambeni ndani?"

Basi ina inaliza hutala, anthu n'kuthamangira kuchitseko ndi matumba awo. A Luhanga anangoti chilili. Anakumbukira nkhope zonse zija pakhomo la tchalitchi, mmene zinkagwedezera mitu mwaulemu iwo akamati abwera posachedwa. Manyazi anawagwira. Koma pansi pa manyaziwo panali china choposa, kusungulumwa kwenikweni: miyezi yonseyi anthu ankadziwa kuti m'nyumba ya ku 47 muli munthu yekha, ndipo iye ndi amene anawatsekera pakhomo.

"Katoniyo mupatseni kondakitala wa basi ya ku Karonga," anapitiriza a Chitemwa. "Mumupatse nambala yanga, ndikadikira pamsewu m'mawa. Mwanayo ndikamuona. Munditumizirenso nambala ya mayi wake, ndimuuza ndekha mmene alili."

"Zikomo, Nyaharawa." Anayang'ana basi ija. "Kapena ndingobwera nayo ndekha. Mpando ulipo."

"Musavutike. Ulendo ndi wautali."

Anatsanzikana mwaulemu, ngati anthu amene anakhalapo moyandikana nyumba.

Kondakitala analandira katoni mosavuta, analembapo nambala, n'kuiika kuseri kwa mpando wa dalaivala. A Luhanga anaima pomwepo mpaka basi inatuluka pageti, ikudzandira ndi katundu, n'kukhotera kumsewu waukulu. Geti lawo lija lothawira linali apo, lotsegula. Anayenda pang'ono kulowera kumeneko, kenako anaima. Mawa foni ya mayi Leticia idzalira, ndipo woimba adzakhala mkazi amene mayiyo akuganiza kuti akukonzera mwamuna wake madzi osamba. Anatembenuka.

Mu lesitilanti anthu anali atachepa. Mayi Leticia ankapukuta tebulo, ndipo atawaona anagwira pachifuwa.

"Mayo ine, basi yakusiyani?"

"Ayi, mayi. Katundu wapita, afika m'mawa. Akamulandira ndi mayi a kunyumba kwanga, ndipo mwana akamuona ndi iwo. Akuimbirani. Maso awo ndi abwino kuposa anga."

"Nanga inu?"

"Ine sindipita ku Bwengu. Chiyambireni kudya pano sindinapiteko. Iwo amakhala kumeneko, sabweranso. Ine ndimakhala konkuno, ku 47." Anaima kaye, pakuti mawu otsalawo anali asanawatchulepo kwa munthu aliyense. "Ndekha."

Mayi Leticia anawayang'ana, nsanza ili m'manja. A Luhanga anakonzeka kumva chilichonse, kaya kukalipa, kaya kuseka. Mayiyo anapinda nsanzayo pang'onopang'ono, n'kuiika pamphepete pa tebulo.

"Ndiye mawa mukadya kuti, bambo? Ife Lamulungu sititsegula."

A Luhanga anatula chikwama chija paphewa, n'kukhala pampando.