Kiyi wa Apongozi

"Mayi a mwana, kiyi uja," anatero mwamuna wake atatambasula dzanja.

Iye anangopitiriza kupukuta kukamwa kwa khanda, komwe kunali koyera kale. Panali patapita masiku anayi chiikireni maliro a apongozi ake aamuna, mmisiri wokonza masofa, ndipo kiyi wa shopu yawo anali m'thumba la matewera.

Shopuyo ndi imene inawadya. Zaka makumi atatu akusasantha thonje la chinyontho m'chipinda chopanda zenera, chuku chinamera m'phapo mpaka kuliboola. Phapolo linaphwa ngati chubu. Adokotala analowetsa paipi m'nthiti, yotsikira m'botolo la madzi, kuti mpweya wotayikira m'chifuwa uzituluka. Anayesa mankhwala opha chuku, anayesa kumata, kenako opaleshoni. Milungu isanu ndi iwiri botolo likungochita thovu. Koma mdalayo ankazungulira wodi yonse botolo lili m'manja ngati chikwama, n'kumaseketsa odwala anzake: "Inu musadandaule. Langa tayala lakanika amisiri atatu."

Tsiku lomaliza mdalayo anafumbatitsa mkazi wa mwana wake kiyiyo. "Mwana wangayo ngwaphuma. Musam'patse msanga." Mawu ena anatsalira kukhosi.

"Masofa a eni ake ali m'shopumo," anatero apongozi aakazi ali pamkeka. "Mukufuna dzina la malemu linunkhe? Kapena shopu mwaiyesa yanu?"

"Iyayi amayi." Mayi wa mwana anayang'ana mwamuna wake. "Koma bambo a mwanawa akutsokomola chiyambire Lachiwiri. Ndikumawamva."

"Ndi fumbi la kumanda limeneli," anatero mwamunayo.

"Abambo nawonso ankati ndi fumbi."

Mwamunayo sanabweze dzanja.

Pakhomo panamveka odi. Anali mmisiri wowotcherera zitsulo, akukankha wilibala yonyamula mafelemu awiri aakulu a mazenera. Anavula chipewa.

"Pepani ndi zovutazi. Mdala anandiitanitsa kuchipatala. Anati ndiboole khoma la shopu mbali ziwiri, thonje lakale nditenthe, mwana wawo asanapondemo. Ndachedwa, magetsi amavuta."

Anapereka kakatoni ka mankhwala kong'ambidwa. Kuseri kwake kunali kojambulidwa mazenera, mizere yonjenjemera koma miyezo yonse ilipo. M'munsi munali mawu: "Akhale m'mwamba ndithu. Mdzukulu adzayamba kukwera."

Apongozi aakazi anakasalaza pabondo, kawiri, katatu. Mayi wa mwana anapatsira khanda bambo ake, napisa dzanja m'thumba la matewera.