Mzere wakuda pa poncho yanga

Amayi ankafunitsitsa kuti ndipite kusukulu ya unamwino ku Córdoba nditavala poncho, nsalu yofunda pamapewa, yoluka iwo eni. Basi inali yonyamuka Lamlungu. Koma Lachinayi ulusi wofiirira unawathera, kutangotsala chikhatho chimodzi kuti amalize.

Mwamwayi unali mwezi wa Epulo, mtedza utayamba kugwa m'mitengo yathu ya nogali. Atate ankamenya nthambi ndi ndodo yaitali, ine ndi amayi tikutola. Mtedza tinauyanika padenga, koma makoko ake obiriwira tinawaika padera, pakuti ndiwo amayi amawiritsa kuti apeze utoto. Pofika masana manja athu anali bii.

"Ndi manja amenewo odwala akakuthawa, Delfina," anandiseka atate.

Lachisanu amayi anapita kukathandiza a Zulema, anansi athu, kuswa mtedza. Atate anaganiza zowapeputsira ntchito. Mphika wadothi wa amayi anauona kuchepa, choncho anatenga chimphika chachitsulo chophikira chakudya cha nkhumba. Anawiritsamo makoko aja n'kuviikamo ulusi woyera wonse umene unatsala.

Amayi atabwera anauvuula ndi kamtengo. Unali wakuda ngati makala.

"Nicanor! Zaka makumi atatu mukundionerera, simudziwabe kuti chitsulo chimadetsa utoto?"

"Komatu ndinautsuka bwinobwino mphikawo, Ermelinda."

"Bwenzi mutatsuka mutu wanuwo!"

Kupota ulusi wina kukanatenga mlungu wathunthu. Ndinati ndingopita ndi jekete langa lakale. Koma amayi anatenga ulusi wonyowawo, anaugundanitsa ndi nsalu ija, n'kuuyang'ana nthawi yaitali.

"Khalani apo," anauza atate. "Muziswa mtedza wa kamba wa mwanayu. Musakhudzenso kanthu kena."

Loweruka lonse amayi analuka. Atate anaswa mtedza mwakachetechete, wina kuponya m'thumba langa, wina m'kamwa mwawo.

Lamlungu ndinaima pamsewu nditavala poncho yofiirira, ya mzere wakuda m'munsi mwake. A Zulema anabwera kudzatsanzikana nane ndipo anagwiragwira mzerewo.

"Ermelinda, kuda kokongola chonchi mwakupeza bwanji?"

"Ndi chinsinsi cha pabanja pathu," anayankha atate, atatulutsa chifuwa.

"Ndi mphika wa nkhumba," anatero amayi, akundikonza poncho pamapewa. Basi inatipeza tikusekabe.