Adiresi Imodzi, Magulu Awiri

Narelle Pappas, katswiri wolumikiza makompyuta, anali atagwada m'kachipinda ka mawaya, laputopu ili pamwamba pa katoni, pamene a Sela Moala, mkulu wa anamwino, anaima pakhomo.

"Belu la chipinda 14 silinalire m'mawa uno. Mayi Quigley agwa kubafa, akhala pansi mphindi makumi anayi akungodina."

"Avulala?"

"Dzanja latupa. Ana awo anyamuka kale ku Townsville, akubwera kuno."

Nyumba yosamalira okalambayi, ku Cairns, inalandira ma TV atsopano sabata yapitayo. Zithunzi tsopano zinkadutsa m'mawaya omwewo a mabelu oitanira anamwino, ndipo Narelle ndiye anakonza maswitchi, timabokosi togawa uthenga m'mawayamo. Anagwiritsa njira ya maltikasiti: tchanelo chilichonse chimakhala ndi adiresi ya gulu, switchi n'kumatumiza zithunzi kwa okhawo amene ali m'gululo. Mabelu nawo anali ndi gulu lawo.

"A kampani ya mabelu ndawaimbira kale," anatero a Sela. "Ndawauza kuti zida zawo ndi zinyalala."

Narelle anayang'ana pa laputopu. Pa mndandanda umene switchi inamuonetsa, adiresi ya 239.1.1.20 inalipo kawiri: tchanelo cha masewero, komanso mabelu a zipinda za kum'mawa. Zithunzi za masewero zinkakhuthukira m'timafoni ta anamwino tolandirira kulira kwa mabelu, uthenga wa belu n'kusowa podutsa. Anatsegula pepala la mapulani. Manambala a matchanelo analemba yekha, osawafunsa a mabelu kuti adiresi yawo ndi iti.

"Ndizimitsa ma TV onse kwa ola limodzi," anatero.

"Masewero a kriketi ali mkati chonchi? Ukayankha wekha."

Sipanapite mphindi zisanu, a Halloran a m'chipinda 9 anatulukira m'khonde akukankha choyendera chawo.

"Iwe wa mawaya, wandizimitsira ndani?"

"Ndine, bambo. Ndikufuna belu lanu lizilira."

"Belu la chiyani? Ine zaka 86, kugwa sindikudziwa."

"Nanga Lachisanu ndinakutolani kuti?" anafunsa a Sela.

"Ndimayang'ana silipasi pansi pa bedi."

Narelle anasamutsira matchanelo onse ku manambala ena, kutali ndi a mabelu, n'kuletsa switchi kutumiza zithunzi ku mawaya a anamwino. Kenako anayenda chipinda ndi chipinda akudina, a Sela ali kumbuyo ndi kafoni. Mabelu onse makumi atatu analira. Kriketi inabwerera, a Halloran n'kupeza osewera awiri a timu yawo atatulutsidwa kale m'masewerowo.

Akupinda chingwe, Narelle anati, "Aimbireninso a mabelu aja. Zida zawo zilibe vuto."

"Ndiye vuto linali pati?"

"Ndinapereka adiresi yawo ku tchanelo. Ana a mayi Quigley akafika mundiitane, ndiwauze ndekha."

A Sela anaika kafoni m'thumba.

"Ukudziwa kuti mwana wawo wamkulu ndi loya?"

"Sindimadziwa."

"Afika 3 koloko."

Narelle anayang'ana wotchi. Anatseka laputopu, n'kukakhala pa benchi ya alendo pafupi ndi khomo.