Mafoni Amatsala Pageti

Mphepo yamphamvu yotchedwa maestrale inayamba m'mawa, ndipo pofika masana phiri la kuseri kwa mudzi wathu linali litabisika mu utsi. Kuno ku Sardinia, mwezi wa Ogasiti tchire limauma gwaa. Nditaima pakhonde ndinaona kuti moto ukutsikira kunyanja, kumene kuli nyumba zija anthu olemera amachita lendi akabwera kutchuthi.

Mwana wanga Bonaria amaphika mu imodzi mwa nyumbazo. Chimwalirireni mayi ake, ndinatsala ndi iye yekha. Ndinamuimbira, koma foni inangoitana. Chifukwa chake ndinkachidziwa: alendo a kumeneko safuna kujambulidwa, choncho wantchito aliyense amasiya foni m'bokosi pageti. Nyumbayo ili m'munsi mwa chigwa, mkati mwa mpanda wautali, ndipo mawindo ake onse anayang'ana kunyanja. Anaimanga dala kuti mlendo asamaone za kumtunda.

Ndinadzutsa galimoto. Msewu wa kumeneko ndi umodzi wokha, wopapatiza. Nkhosa za munthu wina zinkathamanga mumsewumo popanda mbusa, phulusa likugwera pagalasi.

Pageti ndinapeza mlonda, Tore, amene ndinamuphunzitsa masamu kalekale.

"Aphunzitsi! Mwabwera kudzasambira ndi mabwana?"

"Tsegula, Tore. Moto wadumpha msewu waukulu."

"Ozimitsa moto alipo, aphunzitsi. Alendo ali pachakudya, ndipo bwana anati asasokonezedwe. Ndikawaopseza pachabe, mawa ana anga adzadya kwanu?"

Ndisanayankhe, foni ina inalira m'bokosi lija, kenako ina, mpaka zonse pamodzi. Anali makolo ndi amuna a anthu, onse akuimba kuchokera kumudzi. Tore anasiya kuseka. Anadina batani lotsegulira geti, koma geti silinasunthe. Magetsi anali atathima. Tinalowera pakakhomo ka m'mbali, galimoto n'kuisiya pomwepo, ndipo tinatsika chothamanga pakati pa mitengo ya maolivi. Kumsana kwanga kunkatentha.

Alendo anali patebulo lalitali pafupi ndi dziwe losambiramo, mnyamata wagitala akuwaimbira. Bonaria anatuluka atanyamula mbale ya nsomba zowotcha.

"Bambo! Mukufuna kundichotsetsa ntchito? Taonani nsapato zanuzo!"

"Ika mbale pansi. Tiye kunyanja."

Anandiyang'ana kumaso, n'kuika mbaleyo pansi. Nthawi yomweyo kanthambi koyaka kanagwera pansalu ya patebulo. Mayi wina anakuwa. Tore anayamba kukankhira anthu kumasitepe otsikira kumadzi, ena makapu adakali m'manja.

Tinalowa m'nyanja mpaka m'chiuno. Kumwamba kunada, ndipo mitengo ya kumpanda inkathetheka. Bonaria ankayang'ana anzake mmodzimmodzi.

"Amayi a Pina! Ali kochapira, m'chipinda chapansi, ndipo makutu awo samva bwino!"

Ankanena mayi wachikulire wochapa zovala. Anatembenuka kuti abwerere, ine n'kumugwira dzanja.

"Ndisiyeni, bambo!"

"Ayi."

"Apsa amayi aja!"

"Ndamva. Ayi."

Ndine nkhalamba, iye amanyamula mapoto tsiku lonse, koma sanathe kundipulumuka. Tore anatiyang'ana, n'kuviika malaya ake m'madzi, n'kudziphimba kumutu.

"Aphunzitsi, ndikabwera mundikhozetse mayeso aja munandilepheretsa," anatero, n'kukwera masitepe mpaka utsi unamumeza.

Denga la khonde linagwa. Bonaria anasiya kukoka, maso ali pamasitepe. Ine sindinkayang'ana kumeneko. Ndinkayang'ana dzanja lake.

Kenako tinamva munthu akutsokomola. Tore anatulukira atabereka Amayi a Pina, iwo akumukalipira kuti wawasiyitsa nsalu m'makina. Anthu anathamangira kukawalandira. Bonaria anafuna kupita nawo.

"Bambo, afika. Mukundipweteka."

"Ndikudziwa," ndinatero, koma zala zanga zinakana kumasuka.