Tebulo la Dzira

Mvula inali isanakate pamene a Yona anafika pakhomo pa aphunzitsi a Chisangalalo, thumba la feteleza lili kumutu ngati ambulera. Kumbuyo kwawo kunali Bennet kalipentala, sowo ili m'khwapa.

Chisangalalo atangoona sowoyo, anadziwa chimene abwerera. Apongozi ake, bambo wa mkazi wake Tionge, anali atatsirizika m'bandakucha, ndipo Tionge anali kale kusiwa. Iye anangobwerera kunyumba kudzatenga mpando ndi kuona ngati sola yakoka kamoto. Ayi ndithu, foni inali gwa, yakufa. Dzuwa linali litasowa sabata yonse ku Engutwini.

"Ndapota, aphunzitsi," anayamba a Yona, mng'ono wa malemuwo. "Mtsinje wadzaza, galimoto ya bokosi singachoke ku boma. Ndipo mvula iyi thupi silingadikire. Mudzi wonse matabwa ouma ali pano pokha."

Onse atatu anayang'ana pabalaza. Panali tebulo lija anthu ankaliseka kuti tebulo la dzira: lofanana ndi la masewera a pulu, koma lobulungira motalika, lopanda ngodya, lopanda mabowo. Matabwa ake Chisangalalo anachita kukapempha ku Chikangawa, nawaumika kudenga chilimwe chonse. Mkombero wake anaujambula ndi misomali iwiri ndi chingwe, ndipo Bennet yemweyu ndiye anamaliza kuukhoma dzana.

Sanali masewera ayi. Pa tebulo lotero, ukamenya mpira, umagunda mkombero n'kubwerera, kugundanso n'kubwerera, koma suyenda mwachisawawa. Ukalemba ndi choko njira zake zonse, pakati pamatsala dzira lina laling'ono lomwe mpirawo umangolikhudza osalowamo. Maonekedwe a tebulo ndiwo amalamula ulendo wonse wa mpira. Nkhani imeneyi Chisangalalo anaikonda ngati mwana wake. Analembera mayi wina wophunzitsa masamu ku yunivesite, Dokotala Felesta, amene ankafuna mphunzitsi mmodzi yekha woti achite naye kafukufuku. Mayiwo anayankha kuti, "Zolemba ndaziona, koma ofuna malowa ndi ambiri. Nditumizireni kanema wa tebulo lanulo lisanathe Lachisanu." Lachisanu lake linali mawa lake.

"Adada," anatero Chisangalalo, "bwanji tichotse chitseko ichi? Ngakhale zitseko zonse ziwiri."

Bennet anagogoda chitsekocho ndi chala. "A Sir, ichi ndi chiswe chokhachokha. Mufuna madala akagwere panjira?"

"Nanga mabenchi a kusukulu?"

"Za boma zimenezo," anadula a Yona. "Mufuna atimange pamaliro?"

"Ndiye mundipatse mpaka mawa masana. Dzuwa likangoti pang'ono, ndijambule, basi. Kenako mutenge."

A Yona anatsitsa thumba lija, nalikung'untha pang'onopang'ono. Sanakalipe, ndipo n'chimene chinapweteka kwambiri.

"Mwana wanga, tinakupatsani mkazi, simunadikire mawa. Lero mkulu wanga agone pamphasa chifukwa cha mpira? Kwanu ku Ntcheu mumati bwanji? Maliro n'kulirana. Mbwenu ngati simufuna, nenani, tikauze anthu kuti mkamwini wakana."

Chisangalalo anaganiza zothamangira kwa Wilson wa pagolosale amene ali ndi batire ya galimoto, koma Bennet anati nayonso inatha moto Lachiwiri. Anaganiza za mafoni a anthu a kusiwa, koma anali timafoni ta mabatani, ndiponso ndani angapemphe foni kwa namfedwa kuti ajambule pulu? Anachita manyazi ndi maganizo akewo, ndipo manyaziwo anasanduka chisoni. Anawakonda apongozi ake. Anali munthu yekhayo m'mudzimo amene anabwera dzana kudzaona mpirawo ukuyenda, nati, "Chomene, kali ndi nzeru kampira aka."

"Mwina mungatengeko theka," anayesanso, motsitsa mawu.

Bennet anayala bango limene anayezera thupi. Anapukusa mutu. "Munadula mozungulira, a Sir. Aatali ndi apakati okha. Am'mbaliwa ndilumikize kuti akwane chivundikiro. Palibe chotsala."

Chisangalalo anatola mpira woyera uja, nauika m'thumba la jekete. Ndodo yomenyera mpirawo anaiimika kuseri kwa chitseko. A Yona anati "Yewo, aphunzitsi," natuluka kukauza adzukulu kuti apitirize kukumba.

Mkombero unavuta kuchoka, pakuti Bennet anaukhoma ndi mtima wonse. Unachita kuthyoka pawiri. Atazula matabwa, kalipentalayo anaimika limodzi, nayang'ana mizere ya choko yopingasana ija, yoyera ndi yofiira, ntchito ya aphunzitsi ya dzana ndi dzulo.

"Nthawi yopala palibe," anatero. "Mbali yolembayi iyang'ane kuti, kunja kapena m'kati?"

Kutali kunkamveka nyimbo ya amayi a kusiwa, ndipo mwa mawu onsewo Chisangalalo anazindikira mawu a Tionge.

"M'kati," anayankha. "Anthu angawaseke madala."

"Ndiye gwirani apa, lisagwedezeke."

Anagwada, nagwira thabwalo ndi manja onse awiri, Bennet nayamba kucheka.