Mkuyu wa pa Kasupe

Kasupe amene mudzi wa Nabanda umamwapo amatumphuka m'phiri la Chiradzulu, patsinde pa mkuyu waukulu. Patapita zaka zochepa chiyambire ulamuliro wa zipani zambiri, madzi ake anayamba kuchepa, pakuti mibawa ndi misuku yozungulira malowo inali itathera ku makala. Anyani, posowa zipatso, anatsikira m'minda ya chimanga, ndipo nkhwali zinaleka kulira mbandakucha. Unangotsala mkuyuwo.

M'mawa wina Enelesi anafika kwa atsibweni ake, a Mathero, nagwada pakhonde.

"Atsibweni, amuna anga anyamula nkhwangwa. Akuti lero agwetsa mkuyu."

A Mathero anavala jekete, natenga ndodo yawo, nayamba kukwera chitunda chimene kale chinali mthunzi wokhawokha, koma tsopano chinali zitsa ndi miyala yotentha.

Anampeza Geoffrey, mwamuna wa Enelesi, mkamwini wochokera ku Mbulumbuzi, atautema kale mkuyuwo mbali imodzi, utomoni woyera ukuchucha. Chapafupi uvuni wake wa makala, wokwiriridwa bwino ndi dothi, unkafuka pang'onopang'ono.

"Akamwini, tulani nkhwangwayo."

Geoffrey sanagwade, ngakhale kuvula chipewa. "Aa, madala, mwakwera bwanji kuno ndi maondo amenewo? Phirili ndi la boma, ndipo boma tsopano ndi ife. Ufulu umenewu!"

"Madala ndi ine?" anafunsa a Mathero mwaukali. "Munabwera m'mudzi muno ndi bulangete limodzi. Tinakupatsani mkazi, munda ndi madzi akumwa. Lero mukupha kasupe chifukwa cha mtengo umene makala ake sakhalitsa n'komwe pa mbaula? Ana anu adzamwa ufuluwo?"

"Akamwe ku mjigo wa ku Boma," anatero Geoffrey akuseka, nakwezanso nkhwangwa.

A Mathero anapita pa uvuni. Anazika ndodo m'dothi, naitembenuza, naboola kachiwiri ndi kachitatu. Mphepo ya m'phiri inalowa m'mabowomo, ndipo malawi anatuluka ndi mkokomo. Aliyense wootcha makala amadziwa kuti uvuni ukapuma mpweya, chotsala ndi phulusa.

"Mayo ine! Makala anga!" Geoffrey anataya nkhwangwa, nathamanga, nayamba kukumba dothi ndi manja kuti atseke mabowo.

Nkhalambayo inatola nkhwangwa mosafulumira. Inatapa matope a pakasupe, nimata bala la mkuyu mpaka utomoni unaleka kuoneka.

"Nkhwangwa iyi mukaipeza kwa ankhoswe anu Loweruka," anatero a Mathero. "Mubwere nawo, mudzafotokoze pamaso pa mbumba yonse ngati mukufuna banja kapena makala. Ndipo tsiku limenelo chipewacho mudzavule."

Anatsika phiri nkhwangwa ili paphewa. M'njira anakumana ndi Enelesi akukwera ndi ndowa kukatunga madzi, ndipo nkhalambayo inampatukira kuti adutse.